Mfuti ya zaka 100, zipolopolo zopangira pakhomo: handloading ndi chani kwenikweni?

Mu May 2021 boma la South Africa linatulutsa bilu yofuna kusintha lamulo lawo la mfuti, Firearms Control Act ya 2000, ndipo imodzi mwa mfundo zimene zinautsa mapiri pachigwa inali yoti anthu wamba asamaloledwenso kudzipangira okha zipolopolo. Patangopita miyezi itatu, mu August, boma la America nalo linalengeza kuti likuletsa zipolopolo zochokera ku Russia kulowa m'dzikomo, nde anthu a mfuti zakale kumeneko anayamba kudandaula kuti basi tsopano aliyense aphunzire kupanga zake. Akwathu ambiri akamva nkhani ngati izi amadabwa, kani munthu wamba amaloledwa kupanga zipolopolo? Ife tikamva zoti wina akupanga zipolopolo kunyumba maganizo amathamangira kwa mbava kapena opha nyama mozemba ndi mfuti za gogodela. Koma amene munagwirapo ntchito m'nyumba za anthu ku Joni kapena kumafamu mwina munaonapo benchi ina mu galaja ya abwana, pali kachitsulo kokhala ndi chogwirira chachitali, kasikelo kakang'ono, timabokosi ta makoko amkuwa ndi kope lodzadza manambala. Imeneyo ndiyo handloading, ena amati reloading, kutanthauza kutenga khoko la chipolopolo chowomberedwa kale n'kulidzadzanso kuti likhale chipolopolo chatsopano. Ndipo amene amailimbikira kwambiri ndi anthu osunga mfuti zakale za asilikali, chifukwa chake ndi chimene ndikufuna tione bwinobwino.

Chipolopolo si chinthu chimodzi

Chichewa chimatisokoneza pang'ono apa chifukwa mawu oti chipolopolo timawagwiritsa ntchito pa zonse, chimene chalowa mu mfuti komanso chimene chatuluka n'kukalasa. Chimene chimalowa mu mfuti chili ndi zigawo zinayi. Pali khoko, kabotolo kamkuwa kamene kamasunga zonse. Kumunsi kwa khokolo pali primer, kakapu kakang'ono ngati batani la malaya komwe kali ndi mankhwala oti kakamenyedwa kamathetheka moto, tingoti ndi mutu wa machesi. Mkati muli wonga. Kukamwa kwa khoko kuli mutu, womwe nthawi zambiri ndi mtovu wokutidwa ndi mkuwa, ndipo ndi wokhawu umene umauluka. Mukawomba, primer yapsa, wonga wapsa, mutu wapita, koma khoko limatsala lathunthu, ndipo pa zinayizo lokwera mtengo kwambiri kupanga ndi khoko lomwelo. Zili ngati botolo la zakumwa lobweza kugolosale lija, zamkati zatha koma botolo likadali ndi ntchito.

Chofunika kumvetsa ndi choti anthu amenewa sapanga wonga kapena primer ayi. Zimenezo amagula zopangidwa kale kufakitale, iwo ntchito yawo ndi kusankha, kuyeza ndi kulumikiza.

Mfuti zake ndi ziti

Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha mu 1945 maiko anatsala ndi mfuti mamiliyoni osaneneka, ndipo asilikali atayamba kusinthira ku mfuti zamakono ngati AK-47 ndi FN FAL, zakale zija zinagulitsidwa kwa amalonda pamtengo wozizira. Zimenezi ndi zomwe amazitcha military surplus, katundu wotsala wa asilikali, kaunjika wa mfuti tingotero. Zinakathera kwa alenje, alimi ndi anthu okonda mbiri ku America, Canada, Australia, New Zealand, Britain ndi South Africa. Pali Mosin-Nagant ya ku Russia ya 1891, Mauser ya ku Germany, Carcano ya ku Italy, Arisaka ya ku Japan, K31 ya ku Switzerland, M1 Garand ya ku America imene asilikali awo anaivomereza mu 1936, ndi zina zambirimbiri.

Koma imene ikutikhudza ife ndi Lee-Enfield ya ku Britain, imene imadya chipolopolo cha .303, anthu amangoti firii-noti-firii. Iyi ndi mfuti imene agogo athu a King's African Rifles ananyamula. Gulu la KAR linakhazikitsidwa mu 1902 ndipo mabataliyoni ake awiri oyamba anali a ku Nyasaland, anyamata ochokera m'midzi yathu yomweyi anapita nayo ku Ethiopia, ku Madagascar mu 1942, mpaka m'nkhalango za Burma mu 1944, anzawo a Northern Rhodesia Regiment chimodzimodzi. Mukaima pa chipilala cha KAR chija ku Zomba, dziwani kuti mfuti imene asilikali amenewo ankaidziwa ngati dzanja lawo inali yamtundu umenewu. Inali yolimba moti a Canadian Rangers, amene amalondera kumpoto kozizira kwa Canada, ankagwiritsabe ntchito Lee-Enfield No. 4 mpaka cha m'ma 2018 pamene anayamba kulandira zatsopano. Nde mfuti zoterezi zilipo zambiri m'manja mwa anthu ndipo zikugwirabe ntchito. Chimene chikutha ndi chakudya chake.

Bwanji osangokagula kushopu?

Kale zinalidi choncho. Mfuti zikamabwera zinkabwera ndi mabokosi a zipolopolo zotsala za asilikali, mwachitsanzo za Mosin-Nagant zinkabwera m'zitini zomata zokhala ndi zipolopolo 440, ndipo zinali zotchipa moti palibe ankaganiza zopanga zake. Koma nkhokwe yosathiramo imatha. Asilikali anasiya kale kupanga .303 yambiri, zimene zinatsala zinawomberedwa, ndipo zimene zikupezekabe zina zili ndi zaka 70 kapena 80. Chipolopolo chokalamba chimatha kukana kulira, kapena choopsa kwambiri, kuchedwa kulira, mwakoka koma zii, ndiye pakadutsa kamphindi ndi pamene chikuphulika. Ndi chifukwa chake odziwa amati mfuti ikakana osathamangira kutsegula, uziiloza kutsogolo komweko n'kudikira kaye.

Vuto lina ndi dzimbiri. Ma primer a zipolopolo zambiri zakale za asilikali anali ndi mankhwala otchedwa potassium chlorate, amene akapsa amasiya mtundu wina wa mchere mkati mwa mpope wa mfuti. Mukudziwa mmene mchere umanyowera m'khitchini nthawi yadzinja, umakoka chinyezi wokha. Zomwezo zimachitika mumpope, mukangogona osatsuka mawa lake muli dzimbiri lofiira, ndipo mafuta okha sachotsa mchere, pamafunika madzi. Asilikali a Britain ankachita kuthira madzi owira mumpope pogwiritsa ntchito fanulo, madzi amasungunula mchere, kutentha kumaumitsa chitsulo, kenako ndi pamene apaka mafuta. Ma primer amakono alibe mcherewu, nde munthu amene akufuna mfuti ya agogo ake ikhalitse amaona chanzeru kupanga zipolopolo zake.

Zatsopano zogula zilipo ndithu, makampani ngati Prvi Partizan ya ku Užice m'dziko la Serbia ndi Sellier & Bellot ya ku Czech Republic amapangabe zipolopolo za mfuti zakale zambiri. Koma zimabwera mwa apo ndi apo, zimadula, ndipo za mfuti ngati Arisaka kapena Carcano utha kuzungulira mashopu chaka chonse osaziona.

Mfuti iliyonse ili ndi thupi lake

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo kwa ine ndi mbali yosangalatsa kwambiri. Chipolopolo cha kufakitale chili ngati thalauza logula pamsika, analisoka kuti likwane aliyense wa saizi imeneyo. Handloading ndi kupita kwa telala kuti akuyezeni. Mfuti yatsopano ya masiku ano thalauza lapamsika limaikwana bwino chifukwa makina amakono amadula chitsulo mofanana ndendende. Koma mfuti za nkhondo zinkapangidwa mothamanga, m'mafakitale osiyanasiyana, Lee-Enfield yokha inapangidwa ku England, ku Lithgow m'dziko la Australia, ku Ishapore m'dziko la India, ku Long Branch m'dziko la Canada ndi ku America komwe, kenako n'kuwomba zipolopolo masauzande, ndiye palibe ziwiri zimene mkati mwake muli mofanana.

Mkati mwa mpope muli mizere yopotoka imene imagwira mutu wa chipolopolo n'kuuzunguza ngati nguli kuti uziyenda mowongoka. Mutu ukachepa pang'ono pokha mizere ija siugwira bwino, umapita ukugwedera, nthawi zina umakafika pa pepala lolasapo chammbali n'kuboola bowo looneka ngati la kiyi. Ukakula kwambiri umapanikizika ndipo mphamvu ya mkati imakwera. Ndiye manambala olembedwa pamfuti amanamiza munthu wosadziwa. Mfuti ya .303 mutu wake weniweni ndi wa .311 kapena .312 ya inchi, osati .303, ndipo Mosin-Nagant, ngakhale imatchedwa 7.62 ngati mfuti za NATO, mgwirizano wa asilikali a America ndi maiko a ku Ulaya, nthawi zambiri nayonso imafuna wa .311 pamene za NATO zimadya wa .308. Carcano imatchedwa 6.5 koma imafuna mutu wonenepa kuposa mfuti zina za 6.5, pafupifupi .268 m'malo mwa .264, ndipo mbiri yake yoti siilasa bwino mbali ina inachokera pomwepa, anthu ankaidyetsa mitu yowonda.

Nkhani ya Mauser ya 8 mm ndiye yoopsa. Germany itayamba chipolopolo chimenechi mu 1888 mutu wake unali .318, kenako kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anausintha kukhala .323, khoko n'kukhala lomwelo. Kutanthauza kuti chipolopolo chatsopano chimatha kulowa bwinobwino mu mfuti yakale ya mpope wopapatiza, ndipo palibe chokuchenjeza mpaka utakoka. Kusiyana kwake ndi ngati kuchindikala kwa pepala limodzi basi, koma mkati mwa mfuti pepala limodzi ndi nkhani yaikulu.

Nde amadziwa bwanji saizi yeniyeni? Amatenga kachidutswa ka mtovu wofewa kokulirapo pang'ono, amakapaka mafuta, n'kukakankha pang'onopang'ono kudutsa mumpope wonse. Kakatuluka mbali inayo kamakhala katadindidwa mizere yonse yamkati, ngati chala padothi lonyowa, ndiye amakayeza ndi micrometer, chida choyezera tinthu tating'ono chimene amakaniko ena ali nacho. Nambala imeneyo amailemba m'kope ndipo ndi imene imawauza mitu yoti agule.

Palinso nkhani ya zolozera. Manambala a mtunda amene ali pa cholozera cha Lee-Enfield anawerengedwa potengera chipolopolo chimodzi, Mark VII cha 1910, mutu wolemera ma grain 174, pafupifupi magalamu 11, wothamanga mamita pafupifupi 744 pa sekondi. Mukaika chipolopolo cha alenje chopepuka kapena cholemera, nambala ya 300 pacholozera sikutanthauzanso mayadi 300. Amene amachita mipikisano ya mfuti zakale amayesetsa kupanga chipolopolo choyenda mofanana ndi chakale chija kuti cholozera chizinena zoona.

Pa benchi pamachitika zotani

Ntchito yake mukaionera siyachilendo, ndi yobwerezabwereza ngati kusankha nyemba. Amatsuka makoko n'kuwayang'ana limodzilimodzi, long'aluka limatayidwa. Khoko likawomberedwa limafufuma, ndiye amalilowetsa m'chikombole chachitsulo chimene amati die, n'kulifinya ndi makina a dzanja otchedwa press kuti libwerere m'saizi yake, primer yakale n'kutulukira pomwepo. Amayeza kutalika kwake chifukwa mkuwa umatalika pang'onopang'ono, lotalika amalidula kukamwa. Kenako primer yatsopano, wonga woyezedwa pasikelo, mutu pamwamba, n'kuyezanso chipolopolo chonse. Makampani odziwika pa zida zimenezi ndi RCBS, Lee Precision, Lyman, Hornady ndi Dillon, onse a ku America.

Muyeso umene amagwiritsa ntchito ndi grain, ndipo galamu imodzi muli ma grain 15 ndi kachidutswa. Sikelo yawo imaona mpaka gawo limodzi mwa magawo 10 a grain imodzi. Kuchuluka kwa wonga samaganizira m'mutu, amatenga m'mabuku amene makampani a wonga ndi a mitu amasindikiza atayesa m'malabu awo, ndipo bukulo limapereka poyambira ndi polekezera pa wonga uliwonse ndi mutu uliwonse. Lamulo lawo lalikulu ndi kuyamba pansi n'kumakwera pang'onopang'ono uku akuyang'ana makoko ngati akuonetsa zizindikiro zopanikizika, ndipo kwa mfuti yokalamba ambiri safika n'komwe kumapeto.

Kanthu kena kosangalatsa, malonda enieni a wonga wa anthu wamba ku America anakula kuchokera ku katundu wotsala wa asilikali yemweyu. Bruce Hodgdon anagula wonga wotsala wa boma mapaundi 50,000 nkhondo yachiwiri itangotha n'kumagulitsa pang'onopang'ono, ndipo kampani ya Hodgdon lero ndi imodzi mwa zazikulu pa malondawa. Ku South Africa dzina limene anthu a ntchitoyi akhala akulidziwa kwa zaka zambiri ndi Somchem, wonga wopangidwa ku Somerset West.

Bowo limodzi kapena awiri

Si khoko lililonse limene limadzadzidwanso mosavuta. Mukatenga khoko lopanda kanthu n'kuunika ndi tochi kukamwa kwake, pansi penipeni mumaona timabowo timene moto wa primer umadutsira. Mukaona bowo limodzi pakati, limenelo ndi la mtundu wa Boxer, ndipo kasingano ka m'chikombole kamangolowa pabowopo n'kukankhira primer yakale kunja. Mukaona timabowo tiwiri tating'ono m'mbali, ndi la Berdan, kasingano kalibe podutsa, mukakakamiza kamathyoka. Zipolopolo zambiri zotsala za asilikali a ku Ulaya ndi Russia ndi za Berdan, zambiri za ku Russia makoko ake ndi achitsulo osati mkuwa, nde anthu ambiri amangotaya. GP11 ya ku Switzerland, imene imadyedwa ndi mfuti ya K31 ija, imatchuka kuti ndi chipolopolo chabwino zedi koma nayonso ndi Berdan. Maina awiriwa ndi a anthu, Edward Boxer anali msilikali wa ku Britain amene ankagwira ntchito ku Woolwich, Hiram Berdan anali wa ku America, onse anatulukira njira zawo cha m'ma 1866, koma zinasinthana, America inatenga njira ya Mngelezi pamene Ulaya anakonda ya Mmereka.

Matenda a Lee-Enfield

Aliyense amene amadzadza .303 amadziwa vuto limodzi, makoko ake safika patali. Chifukwa chake ndi mmene mfutiyo inapangidwira. Anaipanga kuti izigwira ntchito m'matope ndi m'fumbi la kunkhondo, ndiye kachipinda kamene chipolopolo chimakhalamo anakasiya kotakasuka dala, kuti ngakhale chipolopolo chakuda chizilowa. Chimene chimaimitsa chipolopolo cha .303 pamalo pake ndi mkombero wa kumunsi kwa khoko, osati phewa lake lakutsogolo, nde kutsogoloko kumakhala mpata. Kuwonjezera apo bolt yake, chitsulo chotsekera kumbuyo chija, imakola chakumbuyo kwake, zimene zimapangitsa mfutiyi kukhala yachangu kwambiri kutsegula ndi kutseka koma imalola kutamuka pang'ono powomba. Msilikali zimenezi analibe nazo ntchito, khoko ankawombera kamodzi n'kulisiya pansi.

Kwa wodzadzanso ndi mutu wopweteka. Khoko likawomberedwa limatamuka kudzadza mpata wonse uja, iye akalifinya kubwerera m'saizi ya kufakitale n'kuwomberanso limatamukanso, ndipo malo amene amapyapyala ndi amodzimodzi, pamwamba pang'ono pa tsinde. Zili ngati waya amene mukumupinda uku ndi uku, sachedwa kuduka. Tsiku lina mukutsegula bolt mumangotulutsa tsinde lokha, thupi lonse la khoko latsalira mkati, ndipo mpweya wotentha umatha kuthawira kumbuyo kumene kuli nkhope. Chizindikiro chake kunja ndi kamzere kowala kozungulira khoko ngati mphete. Odziwa amatenga kawaya komangira mapepala kaja, amakawongola n'kupinda kunsonga, amakalowetsa m'khoko n'kumakanda khoma lamkati kuchokera pansi, kakakodwa pa kangalande ndiye kuti khokolo latha, amaliphwanya ndi pulayala kuti lisasokonekerenso ndi abwino.

Mankhwala ake ndi kusafinya khoko lonse. Amangofinya khosi lokha kuti ligwire mutu watsopano, thupi n'kulisiya mmene linaumbikira m'kachipinda ka mfuti imeneyo. Makoko amakhalitsa kwambiri akatero, koma ndiye kuti asanduka a mfuti imodzi yokhayo, munthu wa ma Lee-Enfield atatu amakhala ndi mabokosi atatu olembedwa nambala ya mfuti iliyonse. Telala uja ndi ameneyu.

Mipope yambiri ya Lee-Enfield inapsereranso poyambira chifukwa cha cordite, wonga wa Angelezi wooneka ngati timitengo ta spaghetti umene unayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1891 ndipo unkayaka motentha kwambiri. Ndi chifukwa chake mfuti zambiri zoterezi zimalasa bwino ndi mitu yafulati kumbuyo kusiyana ndi mitu yamakono yosongoka mbali zonse.

Ngozi zake

Tisanamizane, iyi ndi ntchito yoti kulakwitsa kamodzi munthu amataya diso kapena zala. Tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa ma bar awiri ndi pang'ono. Bungwe la CIP, limene limaika malire a zipolopolo ku Ulaya, linaika malire a .303 pa ma bar 3,650, ndipo zonsezo zimachitika pafupi ndi tsaya la munthu. Ku America ntchito yomweyi imagwiridwa ndi bungwe la SAAMI.

Wonga wamakono suphulika ngati bomba, umayaka mwachangu, ndipo ulipo wa mitundu yambiri, wina wofulumira wina wochedwa, ngati kusiyana kwa udzu wouma ndi chikuni cha tsanya. Wa pistol ndi wofulumira. Munthu akasokoneza zitini n'kudzadza khoko lalikulu la mfuti yaitali ndi wonga wa pistol pa muyeso wa wonga wochedwa, mfutiyo imang'ambika. Ena amakonda zipolopolo zofatsa za mtovu wokha kuti asatopetse mfuti yakale, koma wonga wake umakhala wochepa moti ukhoza kuthira kawiri m'khoko limodzi osazindikira, nde asanaike mitu amaunika makoko onse ndi tochi kuti aone ngati mlingo uli wofanana. Kuiwala wonga nakonso n'koopsa, primer yokha imakankha mutu n'kuusiya pakati pa mpope, chipolopolo chotsatira chimakapeza njira yotseka.

Ndiye mfuti zina zili ndi zofooka zawozawo. M1 Garand imadzitsegula yokha pogwiritsa ntchito mpweya wa chipolopolo umene umakankha kandodo kachitsulo kakatali, ndipo wonga wochedwa kwambiri kapena mutu wolemera zimatha kupinda kandodoko. Mfuti za Springfield 1903 zoyambirira, za manambala osafika 800,000, zina chitsulo chake chinapsa kwambiri popanga ndipo chimatha kusweka ngati galasi, ambiri amalangiza kuti zisawomberedwe n'komwe. Ndi chifukwa chake mfuti yakale iliyonse imayenera kuonedwa kaye ndi katswiri wokonza mfuti. Pali ngozi inanso yosaoneka, mtovu. Uli m'mitu, ulinso mu fumbi la ma primer opsa, umalowa m'thupi pang'onopang'ono ndipo umawononga kwambiri ubongo wa ana, nde benchi imeneyi siyodyerapo nsima ndipo ana safunika kusewera pafupi.

Malamulo ndi mkangano wake

Dziko lililonse lili ndi zake. Ku America boma lalikulu silifuna laisensi kwa munthu wodzadza zipolopolo zogwiritsa ntchito yekha, koma akafuna kugulitsa ndiye pamafunika laisensi. Ku Britain kuyambira ndi lamulo la 2006 sungagule ma primer opanda satifiketi ya mfuti, ndipo lamulo la 2023 linawonjezera kuti kusunga zigawo za zipolopolo ndi cholinga chopanga zipolopolo zimene sukuloledwa kukhala nazo ndi mlandu. Ku Germany umayenera kuchita kosi n'kupeza chilolezo chapadera cha wonga. Ku South Africa lamulo la 2000 limalola mwini laisensi kudzadza zipolopolo za mfuti yake yokhayo, ndipo linaika malire a zipolopolo 200 ndi ma primer 2,400 pa mfuti iliyonse, kupatula alenje ndi ampikisano ovomerezeka mwapadera. Kwathu ku Malawi nkhani za mfuti ndi zipolopolo zili pansi pa Firearms Act ya 1967 ndipo zimadutsa kupolisi, kupezeka ndi chipolopolo ngakhale chimodzi popanda chilolezo ndi mlandu, choncho zimene zikuloledwa mu galaja ya ku Pretoria musaziyese kuti zikuloledwanso ku Lilongwe.

Amene amafuna kuti ntchitoyi iletsedwe kapena ichepetsedwe amati boma limatha kuwerenga zipolopolo zogulitsidwa mushopu, koma zopangidwa kunyumba palibe amene amadziwa kuchuluka kwake, ndipo m'dziko lovutika ndi umbanda wa mfuti ngati South Africa mpata uliwonse ndi wofunika kutseka, kuwonjezera apo wonga wosungidwa m'nyumba ndi ngozi pakabuka moto. Eni ake amayankha kuti mbava sizikhala pansi ndi sikelo kuyeza ma grain, zimaba kapena kugula zipolopolo zopangidwa kale, ndipo amene angavutike ndi alenje, ampikisano ndi osunga mfuti zakale amene ali kale m'kaundula wa polisi. Bilu ya 2021 ija anthu ambiri anaitsutsa ndipo sinakhale lamulo nthawi imeneyo, koma mkanganowo sunathe.

Pa nkhani ya ndalama, anthu ambiri amayamba poganiza kuti apulumutsa, koma zida zoyambira zimadula ndipo amangopezeka akuwomba kwambiri kuposa kale. Mu 2020 nthawi ya Covid ma primer anasowa ku America moti ngakhale odzadza okha anakhala manja lende, chifukwa primer ndi chinthu chimene sangapange. Pamene handloading ilibe mpikisano ndi pa mfuti zimene zipolopolo zake zinasowa kalekale m'mashopu wamba. Chitsanzo ndi Martini-Henry, mfuti ya Angelezi ya 1871 imene ananyamula ku Isandlwana mu 1879 pomenyana ndi Azulu, ya chipolopolo chachikulu ngati chala chamanthu chotchedwa .577/450. Amene ali nayo lero ambiri amagula makoko amkuwa a shotgun, mfuti yowombera mbalame ija, a saizi yotchedwa 24 gauge opangidwa ku Brazil, amawatenthetsa kukamwa kuti mkuwa ufewe, amawafinya pang'onopang'ono m'chikombole mpaka atenge maonekedwe a botolo, amasungunula mtovu kuumba mitu yawo, ena mpaka kuikulunga ndi kapepala ngati mmene zinkakhalira kalelo, ndipo madzulo onse amatha kupanga zipolopolo 20 zokha zoti akawombe Loweruka.